Matenda a m'Miyezi ya Njala: Kuwapewa ndi Kuwazindikira Msanga

MAU OYAMBA

Phunziro ili talikonza kuti liwerengedwe ndi kukambidwa m'magulu: pa msonkhano wa amayi a Chigwirizano, wa azibambo, wa achinyamata, kapena pakhomo banja lonse lili pamodzi. Amene adziwa kuwerenga awerengere anzawo pang'onopang'ono, ndipo aziima pa mutu uliwonse kuti anthu afunse.

Makolo anati walira mvula walira matope. Achikulire pakati pathu akumbukira chilala cha 1992, chaka chimene tinadya nsima ya chimanga chachikasu. Chinanso chinatigwera m'nyengo ya 2023 ndi 2024. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, pakuti chinakhudza maboma 84 mwa maboma 116, ndipo chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinapserera m'minda.

Chilala chikapita, mvula yoyamba imatikondweretsa tonse. Koma miyezi yochokera Disembala kufika Malichi ndiyo yoopsa koposa. Nkhokwe zili mbee, chimanga cha m'munda sichinakhwime, ntchito yopalira ndi yambiri, mvula ikokolola zonyansa kupita nazo m'zitsime, ndipo udzudzu uswana. Thupi limene lakhala miyezi yambiri osadya mokwanira silingathe kulimbana ndi matenda monga kale. Kutsegula m'mimba kumene mwana wonenepa amachira nako m'masiku atatu kutha kupha mwana woonda. Ndiponso mwana akadwala safuna kudya, akapanda kudya aonda, akaonda adwalanso.

Amene ali pa ngozi yaikulu ndi ana osafika zaka 5, amayi apakati ndi oyamwitsa, okalamba, ndi anthu amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Pa matenda onse amene tikambe pano, tiphunzira zinthu ziwiri: choyamba kuchita kunyumba nthawi yomweyo, ndi chizindikiro chotiuza kuti tinyamuke kupita ku chipatala lero lomwe, osadikira mawa.

1. MADZI AKUMWA

Nthawi ya chilala anthu amatunga m'mitsinje youma pofukula mchenga, ndi m'zithaphwi momwe ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba zimamwera. Mvula ikayamba, chimbudzi cha anthu ndi ndowe za ziweto zolowa m'madzimo zimachuluka. Madzi atha kuoneka oyera mbee koma ali ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira zotetezera madzi ndi izi:

a) Wiritsani madzi mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, kenaka muwavundikire azizire.

b) Kapena thirani mankhwala a klorini, monga Clorin, potsata muyeso wolembedwa pa botolo. Gwedezani chigubu ndi kudikira mphindi 30 musanamwe. Madzi akakhala amatope, yambani mwawasiya adikhe, ndi kuwasefa ndi nsalu yoyera.

c) Sungani madzi m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono chokhala ndi chotsekera. Ngati musunga mumtsuko kapena m'ndowa, pakhale chikho chimodzi chotungira chokhala ndi chogwirira, ndi kapu ina yomwera. Madzi abwino a pa mjigo amaipitsidwa kunyumba ndi zala zimene zimaviikidwamo.

Chimbudzi chikumbidwe mtunda wosachepera mamita 30 kuchokera pa chitsime, ndipo chikhale kumunsi kwake. Pa dzenje pakhale chivundikiro kuti ntchentche zisalowe ndi kutuluka. Chimbudzi cha mwana wakhanda nachonso chili ndi tizilombo, choncho chizitayidwa m'dzenje momwemo, osati kuseri kwa nyumba.

Sambani m'manja ndi sopo pochokera ku chimbudzi, mukatha kusintha mwana thewera, musanaphike, musanadye ndi musanadyetse mwana. Sopo akasowa, phulusa la pamoto lithandiza. Pa maliro, pa ukwati ndi pa misonkhano ya mpingo tileke kusamba tonse m'beseni imodzi, pakuti wotsiriza amasamba litsiro la anzake onse. Mmodzi azithirira anzake madzi ndi jagi.

2. KUTSEGULA M'MIMBA

Munthu watsegula m'mimba ngati achita chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposa pa tsiku limodzi. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Chifukwa chake mankhwala oyamba ndiwo kubwezera madziwo.

Pa kiliniki pali mapaketi a ORS, amene ambiri timawadziwa ndi dzina lakuti Madzi a Moyo. Paketi imodzi isungunulidwe m'madzi otetezedwa okwana muyeso wolembedwa pa paketipo, pakuti ena ndi a lita imodzi ndipo ena ndi ang'ono. Ngati paketi palibe, konzani motere: lita imodzi ya madzi owiritsa, masipuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere. Botolo la mamililita 500 lodzaza kawiri ndiyo lita imodzi. Lawani musanapatse mwana. Mchere usapose wa misozi, chifukwa wochuluka umavulaza. Zotsala zitayidwe pakapita tsiku limodzi ndi usiku wake, ndi kukonza zina.

Mwana wosafika zaka 2 amwe kota kapena theka la kapu nthawi iliyonse akachita chimbudzi. Wa zaka 2 mpaka 10 amwe theka la kapu kapena kapu yodzaza. Wamkulu amwe monga mmene angathere. Mwana wamng'ono mumpatse ndi sipuni pang'onopang'ono. Akasanza, dikirani mphindi 10 ndi kuyambanso mofatsa.

Pemphaninso mapiritsi a zinki. Mwana amwe tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, ngakhale kutsegulako kutaleka. Wa miyezi 6 kupita m'tsogolo amamwa mamiligalamu 20 pa tsiku, wocheperapo amamwa 10. Zinki amafupikitsa matendawa ndi kuteteza mwana kwa miyezi iwiri kapena itatu yotsatira.

Musaleke kuyamwitsa, ndipo musamane mwana chakudya poganiza kuti m'mimba mupume. Makapisozi ogula pa msika ndi mapiritsi oimitsa m'mimba sayenera kupatsidwa kwa mwana popanda uphungu wa a chipatala.

Pali zinthu ziwiri zimene zimatichedwetsa. China ndi kunena kuti mwana akumera mano basi. Mwana wa msinkhu umenewo amakwawa ndi kuika m'kamwa chilichonse chimene watola, ndipo tizilombo timalowera m'menemo. China ndi liwombo. Liwombo likalowa m'kati, tanthauzo lake ndi lakuti madzi atha m'thupi la mwanayo. Mankhwala omata pamutu sangabwezere madzi amenewo. Mpatseni ORS ndi kunyamuka naye.

Zizindikiro zina za kutha kwa madzi ndi maso olowa m'kati, m'kamwa mouma, kulira kopanda misozi, kusakodza, ndi khungu la pamimba limene mukalitsina limachedwa kubwerera. Pitani ku chipatala tsiku lomwelo mukaona zimenezi, kapena m'chimbudzi mukakhala magazi, kapena mwana akamasanza chilichonse. Muzimpatsabe ORS m'njira monse.

Kolera ndi kutsegula m'mimba koopsa koposa. Chimbudzi chake chimaoneka ngati madzi otsukira mpunga ndipo chimatuluka chambiri, kotero kuti munthu wamkulu wamphamvu atha kufa m'maola ochepa. Mliri umene unayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 700, ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale 2024. Mukamuganizira munthu kuti ali ndi kolera, ayambe kumwa ORS pomwepo ali pa ulendo wa ku chipatala. Munthu akamwalira ndi kolera, abale asasambitse mtembo. Mwambo wa maliro utsogoleredwe ndi a zaumoyo, ukhale waufupi, ndipo pasaphikidwe chakudya cha khamu.

3. MALUNGO

Malungo amabwera ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa anofelesi umene umaluma usiku. Sabwera chifukwa cha kudya mango, nzimbe kapena chimanga chachiwisi, kapena kunyowa ndi mvula. Zinthu zimenezi zimangopezeka pa nyengo imodzi ndi udzudzu. Kawirikawiri munthu amayamba kudwala patapita masiku 10 mpaka 15 chilumidwireni.

Aliyense agone m'neti yonyikidwa m'mankhwala usiku uliwonse, chaka chonse, ndipo m'mphepete mwake mupisidwe pansi pa mphasa. Maneti akachepa, ayambe ndi amayi apakati ndi ana aang'ono. Neti ikang'ambika isokedwe. Tidziwa kuti njala imakakamiza ena kuphera nsomba ndi neti kapena kutchingira dimba. Koma banja limene latero lidzalipira zambiri pa ulendo wa ku chipatala ndi pa masiku otayika osapalira. Opopera mankhwala m'nyumba akafika, atsegulireni, ndipo musazire makoma pambuyo pake. Kwirirani maenje oumbira njerwa ndi zithaphwi za pafupi ndi nyumba.

Munthu akatentha thupi, akayezetse magazi lisanathe tsiku limodzi. Kuyezako ndi kwa pa chala ndipo zotsatira zake zimatuluka m'mphindi 15 kapena 20. Sikuti kutentha thupi kulikonse ndi malungo, choncho kumwa mankhwala osayezetsa kutha kubisa matenda ena. Chloroquine amene tinkadalira kale anasiya kugwira ntchito, ndipo dziko lathu linamusiya kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. M'malo mwake munabwera Coartem, amene amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Amagwira bwino akamwedwa ndi chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono, monga mkaka kapena phala la nsinjiro. Malizani mapiritsi onse. Kusungako ena kuti adzathandize mwana wina kumasiya tizilombo tili moyo, ndipo malungo amabweranso.

Pochepetsa kutentha, mvuleni mwana zovala zambiri, mpatseni zakumwa ndi Panado wa muyeso wa msinkhu wake. Ana asapatsidwe Aspirin.

Mayi wapakati ayambe sikelo msanga. Kuyambira mwezi wachinayi amalandira Fansidar mwezi ndi mwezi, kosachepera katatu asanachire, pamodzi ndi mapiritsi oonjezera magazi. Malungo a mayi wapakati amachepetsa magazi, amachititsa kupita padera, ndipo mwana amabadwa wochepa thupi.

Mwana akakomoka, thupi n'kuuma kapena kugwedezeka ngati wa khunyu, akamagona osadzuka, kapena m'manja ndi m'zikope mukayera, amenewo atha kukhala malungo aakulu. Mgonekeni chammbali, musaike kanthu m'kamwa mwake, ndipo thamangani naye ngakhale pakati pa usiku.

4. CHIMFINE, CHIFUWA NDI CHIBAYO

Chimfine wamba chimatha chokha m'sabata imodzi kapena ziwiri. Chimafuna zakumwa zofunda, chakudya, kupuma ndi kupukuta m'mphuno kuti mwana athe kuyamwa. Sichifuna jekeseni kapena makapisozi. Uchi umafewetsa pakhosi, koma usapatsidwe kwa mwana wosakwana chaka chimodzi.

Chibayo ndi matenda a m'mapapo, ndipo chimapha ana ambiri. Chimadziwika ndi kapumidwe. Mwana ali phee, osalira, vundukulani pachifuwa ndi kuwerenga kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu, poyang'ana wotchi kapena foni. Akupuma mofulumira ngati afika pa ziwerengero izi:

Wosakwana miyezi 2: kupuma ka 60 kapena kuposa.
Wa miyezi 2 mpaka 11: ka 50 kapena kuposa.
Wa chaka chimodzi mpaka zaka 5: ka 40 kapena kuposa.

Mwana wotere apite ku kiliniki tsiku lomwelo, kumene amapatsidwa amoxicillin. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pamene akukoka mpweya, kapena akubuula popuma, matenda akula. Kutema mphini pachifuwa sikuchotsa chibayo. Kumangotaya magazi a mwana amene ali kale ochepa, ndipo lezala limodzi logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa matenda ena.

Utsi wa nkhuni umafooketsa mapapo. M'nyengo ya mvula timaphikira m'nyumba, mwana ali kumbuyo. Tsegulani chitseko ndi zenera, gwiritsani ntchito nkhuni zouma, ndipo mwana akhale kutali ndi utsi. Mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wake umapha anthu ali m'tulo.

Katemera amateteza ku matenda ambiri a mtundu umenewu. Kuyambira 2013 ana a m'Zambia amalandira katemera wa chibayo ndi wa kachilombo ka rota kotsegula m'mimba. Wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9 ndi pa miyezi 18. Chikuku chimapha kwambiri ana anjala, choncho onani khadi la sikelo la mwana aliyense ngati pali katemera amene anatsala.

Wamkulu kapena mwana amene wakhosomola sabata ziwiri, akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, akayezetse TB. Kuyeza ndi mankhwala ake ndi zaulere m'zipatala za boma ndi za mishoni, ndipo TB imachizika munthu akamaliza mankhwala.

5. KUNYENTCHERA NDI KUTUPA

Mwana wosowa chakudya aoneka m'njira ziwiri. Wina amaonda mpaka nthiti kuwerengeka, nkhope ngati ya nkhalamba. Wina amatupa mapazi, miyendo ndi nkhope, tsitsi limafiira ndi kuthothoka, khungu limasupuka, ndipo sakondwa ndi kanthu. Wotupayo atha kuoneka ngati wonenepa, koma ali pafupi ndi imfa.

Poyesa, dinikizani ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Pakatsala maenje, mwanayo apite ku chipatala lero. A zaumoyo amayezanso mkono ndi kalamba ka mitundu itatu kwa ana a miyezi 6 mpaka zaka 5. Pofiira, pansi pa masentimita 11.5, ndi pangozi. Pachikasu, kuyambira 11.5 kufika 12.5, ndi chenjezo. Pobiriwira ndiye kuti ali bwino.

Kwathu kuno mwana akatupa, mau a tsempho kapena mdulo samachedwa kumveka, ndipo banja limayamba kulozana zala. Masiku amene amathera pa kufunsana ndi kufuna mankhwala a zitsamba ndi omwewo amene mwana akanapulumukira. Yambani mwapita naye ku chipatala. Kumeneko amapatsidwa mkaka wapadera kapena chiponde cha m'mapaketi. Chipondecho ndi mankhwala a mwana wodwalayo, sichogawana ndi abale ake ndipo sichogulitsa.

Kupewa kumayamba ndi bere. Mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, osampatsa madzi kapena phala, ndipo apitirize kuyamwa mpaka zaka 2. Mayi wanjala amakhalabe ndi mkaka wabwino, chofunika ndi kumuonjezera mayiyo chakudya. Mkaka wa mayi amene waimanso suwononga mwana, choncho asamletse kuyamwa mwadzidzidzi.

Phala lamadzi la ufa woyera limadzaza mimba popanda kumanga thupi. Phikani phala lolimbirako la mgaiwa, ndi kuthiramo chimodzi kapena ziwiri mwa izi: nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, kapenta wosinja, dzira, nyemba zopota, sipuni ya mafuta ophikira, kapena masamba osinja. Mvula ikagwa, bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya ndi kholowa zimapezeka popanda ndalama. Inswa, mango ndi mapapaya nazonso ndi chakudya chabwino kwa ana. Wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku. Wa miyezi 9 mpaka zaka 2 adye katatu kapena kanayi, ndi kachakudya kena pakati. Mwana wamng'ono akhale ndi mbale yakeyake, pakuti m'mbale imodzi ndi akuluakulu iye amatsalira. Akachira matenda alionse, muonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa sabata ziwiri.

Azibambo, nkhani iyi ndi yanunso. Ndiwo zikachepa, nthuli ndi dzira ziyambe kupita kwa mwana wamng'ono ndi kwa mayi wapakati kapena woyamwitsa.

Akulu amene akhala nthawi yaitali akudya nsima yokha ndi mchere atha kuyamba kuda ndi kusupuka khungu m'khosi, m'mikono ndi kumapazi, malo amene dzuwa limaomba, pamodzi ndi kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka mutu. Matendawa ndi pelagra. Amachizika ku chipatala, ndipo nsawawa, nyemba ndi nsomba zimawapewa.

Kawiri pa chaka pamakhala Sabata la Umoyo wa Ana. Ana a miyezi 6 mpaka zaka 5 amalandira vitamini A, ndipo a chaka chimodzi kupita m'tsogolo amalandiranso mankhwala a njoka za m'mimba. Pasakhale mwana wa mumpingo mwathu wotsalira.

6. ZAKUDYA ZOOPSA PA NTHAWI YA NJALA

Mbewu yobzala imene yapakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira ili ndi mankhwala ophera tizilombo. Ngakhale mutaitsuka kangati, siyenera kudyedwa kapena kupatsidwa kwa nkhuku.

Chimanga ndi nsawawa za chuku zili ndi poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Kuphika sikumuchotsa. Mu Ogasiti 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya cha chimanga chokhala ndi poizoni ameneyu. Sankhani ndi kutaya njere zoola, zofwifwa ndi zowawa. Musazisinje kukhala nsinjiro za phala la mwana. Zokolola ziume bwino pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi, zisanalowe m'nkhokwe kapena m'matumba.

Nyama ya chiweto kapena ya kutchire imene yafa yokha isasendedwe ndipo isadyedwe. M'chaka cha 2011 ku Chama anthu oposa 500 anadwala anthrax atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zofa zokha mumtsinje wa Luangwa. Dziwitsani alangizi a ziweto, ndipo nyamayo iotchedwe kapena ikwiriridwe m'dzenje lakuya.

Bowa amene simukumudziwa bwino msiyeni, ndipo ana asatumidwe okha kukazula. Chinangwa chowawa chisendedwe, chiviikidwe m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, ndi kuyanikidwa chiume chisanasinjidwe. Safunsa anadya phula.

7. MPHERE, MASO NDI LIKODZO

Madzi akasowa timasamba ndi kuchapa mwa apo ndi apo, ndipo mphere zimabuka. Zimayabwa kwambiri usiku, pakati pa zala, m'zigongono ndi m'chiuno. A m'nyumba onse apake mankhwala a ku kiliniki tsiku limodzi, ngakhale amene sakumva kuyabwa. Zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha ndi kuyanikidwa pa dzuwa.

Sukusulani ana kumaso m'mawa uliwonse. Madzi a m'kapu imodzi akwanira, ndipo nkhope yoyera siitana ntchentche. M'maso ofiira ndi a manthongo musathiremo mkodzo, madzi a zitsamba kapena shuga, chifukwa ambiri achita khungu ndi zimenezi. Khanda likatuluka mafinya m'maso lipite ku chipatala tsiku lomwelo.

Mwana wokodza magazi ali ndi likodzo, limene amalitenga posambira m'madamu ndi m'madzi odikha mmene muli nkhono. Sichizindikiro cha kukula. Limachizika ndi mapiritsi a praziquantel, koma likalekereredwa limawononga chikhodzodzo ndi impso.

8. AMENE AMAMWA MANKHWALA TSIKU NDI TSIKU

Ena amaleka ma ARV kapena mankhwala a TB ponena kuti sangamwe opanda chakudya. Ma ARV amene ambiri amalandira masiku ano atha kumwedwa ngakhale munthu asanadye, ndipo kuwaleka kumapatsa kachilombo mpata wochulukana ndi kuzolowera mankhwala. A BP ndi a khunyu nawonso asadumphitse. Odwala shuga asamale mwapadera, chifukwa kumwa mapiritsi kapena kubaya insulini osadya kutha kutsitsa shuga mpaka kukomoka. Iwowa afotokozere a chipatala za kuchepa kwa chakudya kunyumba kuti awauze chochita. Mitsinje isanadzaze, pitani mukatenge mankhwala a miyezi ya mvula.

9. ZIZINDIKIRO ZOSADIKIRA MAWA

Mwana apite ku chipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku, ngati:

1. Akulephera kuyamwa kapena kumwa.
2. Akusanza chilichonse.
3. Wakomoka kapena thupi likugwedezeka.
4. Wafooka kwambiri ndipo akuvuta kudzutsa.
5. Akupuma mofulumira kapena movutika.
6. M'chimbudzi muli magazi, kapena maso ndi liwombo zalowa.
7. Mapazi onse awiri atupa.
8. Ndi khanda losakwana miyezi 2 ndipo latentha kapena lazizira thupi.

Mayi wapakati apite msanga akaona magazi, akatentha thupi, akamva mutu waukulu ndi kuona zinthu mwachimbuuzi, akatupa nkhope ndi manja, kapena mwana akaleka kugunda m'mimba.

Yambani pa kiliniki yapafupi. Matenda akakula, iwo adzakutumizani ku zipatala zazikulu monga Nyanje, Kamoto, St Francis ku Katete kapena Chipata Central. Musaiwale khadi la sikelo.

10. ZIMENE TINGACHITE PAMODZI

Mutu umodzi susenza denga. Kawirikawiri chimene chimachedwetsa wodwala ndi kusowa njinga, kusowa ndalama ya ulendo, kapena kudikira bambo kapena malume amene ali kutali kuti avomereze. Zimenezi zitha kukonzedwa matenda asanafike.

Banja lililonse ligwirizane lero kuti mayi, kapena aliyense amene ali ndi mwana, anyamuke akaona chizindikiro choopsa popanda kudikira chilolezo. Mudzi udziwe njinga, ngolo kapena njinga yamoto imene ingapezeke usiku, ndipo pakhale kathumba ka ndalama ya ulendo kosungidwa ndi anthu awiri okhulupirika. Akulu a mpingo ndi atumiki poyendera mabanja aone ngati pali chimbudzi, posambira m'manja, neti yopachikidwa ndi paketi ya ORS. Amayi a Chigwirizano ayendere makamaka agogo olera ana amasiye ndi okalamba okhala okha. Achinyamata athandize kukumba zimbudzi za amene alibe mphamvu. Pa tchalitchi penipeni pakhale chimbudzi chaukhondo ndi madzi osamba m'manja. Pa zonsezi tigwirizane ndi anyakwawa ndi komiti ya zaumoyo ya m'dera lathu, ndipo thandizo lifike kwa aliyense wa m'mudzi, wa mpingo wathu ndi wa kwina yemwe.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Madzi amene timamwa m'mudzi mwathu amachokera kuti m'mwezi wa Januwale, ndipo tingawateteze bwanji?
2. Mmodzi aonetse gulu kakonzedwe ka madzi a shuga ndi mchere. Kodi miyeso yake ndi yotani?
3. Mwana wa miyezi 8 akupuma ka 54 pa mphindi imodzi. Tichite chiyani?
4. Ndi zikhulupiriro ziti zimene zimatichedwetsa kupita ndi mwana ku chipatala, ndipo tingakambe nawo bwanji agogo ndi apongozi mwaulemu?
5. Ndi mabanja ati m'dera lathu amene alibe chimbudzi kapena neti, ndipo adzawayendera ndani sabata ino?
6. Mwana akadwala usiku mvula ili kugwa, tidzagogoda pa khomo la yani kuti tipeze choyendera?